Kopolo Atawukira a Sajeni

Alamu anga sanakhalepo msilikali. Ndinene zimenezi poyambirira, chifukwa mumzere wathu wonse amawatchula kuti a Sajeni, ndipo eni akewo sanayambe atsutsapo. Usajeni wawo anaupeza pageti la kampani ina yogulitsa simenti ndi malata, pamene anagwira ntchito ya ulonda kuyambira ali ndi tsitsi lonse mpaka dazi litatsikira kunkhongo. Anali mkulu wa alonda. Anali ndi wezulo, chibonga, ndi jekete ya mabatani onyezimira amene achemwali anga, omwe ndi akazi awo, ankawapukuta mpaka kudziwonerapo nkhope. Pagetipo dalaivala wa lole, kaya ndi wamwano bwanji, ankatsika n'kuvula chipewa. Akakuwa kuti "Ima!" ngakhale mbuzi yongodzidutsira inkayamba yaganiza kaye.

Atapuma pantchito, malamulo onse anabwera nawo kunyumba, koma geti lija analisiya komweko. Lakunyumba ndi kageti ka lata limodzi kamene mphepo imatsegula osapempha chilolezo. Ana anali atachoka kale. Achemwali ndi telala, amasokera pakhonde, ndipo paukwati wawo anaphunzira luso loyankha kuti "Ndamva, bambo" phazi likupalasabe makina. Panatsala galu, koma nayenso anali atakalamba, makutu atagontha. Munthu amene ankaimitsa malole tsopano ankalephera kuimitsa nkhuku yolowa m'khitchini.

Ine ndimakhala kumapeto kwa mzere womwewo, ndiye zonsezi ndinkaziwonera pafupi, mwaulere.

Chipulumutso chinabwera ndi mwana wawo wamkazi, amene ndi nesi kumzinda wina. Atabwera kutchuthi anawabweretsera sipika yolankhula nayo: kachinthu kozungulira ngati chitini cha mafuta odzola, kokhala ndi mphete yowala pamwamba. Anakayika pashelefu pabalaza, n'kutenga foni ya bambo ake, kudinadina, kenako anati, "Ababa, kameneka mungokauza zimene mukufuna, kachita."

A Sajeni anakayang'ana monga ankayang'anira ganyu watsopano. Anakhosomola, n'kufunsa nthawi m'Chingerezi chawo cha pageti chija. Kanayankha. Anafunsa ngati kugwe mvula. Kanayankha. Analamula nyimbo za kwaya, kwaya inayamba. Analamula kuti itonthole, inatonthola pomwepo, osang'ung'udza, osanena kuti dikirani ndimalize mpendero. Ndinawona maso a alamu anga akulengeza misozi.

"Mwawona, mayi?" anatero kwa achemwali. "Uku ndiye kumvera."

"Ndamva, bambo," anayankha achemwali, ulusi uli kukamwa.

Sipikayo inali ndi dzina lake loiitanira, koma poikamba iwo ankati Kopolo. M'mawa uliwonse Kopolo ankapereka lipoti la nyengo ndi nkhani za dziko, a Sajeni ataima chilili, manja kumbuyo. Masana inali kwaya. Alendo akabwera sankapatsidwa mpando asanawonetsedwe perete. Ine ndekha ndinauzidwa kutalika kwa mtsinje wina wakutali kambirimbiri, ngati kuti ndinali ndi ulendo wokawoloka.

Ndiye tsiku lina m'mawa Kopolo anagalukira boma. Mphete ija inasanduka yofiira, ndipo ndi mawu ake aulemu omwe aja anati akupepesa, sakutha kulumikizana ndi intaneti. A Sajeni anabwereza lamulo mokweza. Kopolo anapepesanso. Anakuwa mpaka galu wogontha uja anadzutsa mutu. Kopolo anapepesa kachitatu, mawu osanjenjemera n'komwe, ndipo chimenechi ndiye chinawapweteka kwambiri. Anatsegula apu, kapulogalamu koyendetsera sipikayo pafoni, apu inati sikuyiwona sipika iliyonse, chonsecho inali poteropo, pafupi moti akanatha kuyimenya khofi. Koma mauthenga pafoni ankabwera bwinobwino.

Kafukufuku anayamba nthawi yomweyo. Woyamba kuganiziridwa anali achemwali, chifukwa dzulo lake anapukuta fumbi pashelefu.

"Munagwira pati?"

"Ndinagwira fumbi."

"Nsalu inali yonyowa kapena youma?"

"Bambo, diresi iyi mwini wake akubwera masana."

Wachiwiri ndinali ine. Akuti foni yanga ndi yakale, mwina inabwera ndi matenda. Ndinawauza kuti, "Alamu, foni yanga ikanakhala yopatsira, bwenzi inuyo mutayamba kalekale kuyankhula zanzeru zimene ndimawerengamo." Sanaseke. Anandilamula kuti ndizisiya foni pakhonde ndikamalowa, ngati nsapato.

Kenako kunabwera chithandizo. Anamuyika Kopolo pawindo kuti apume mpweya. Anamukweza pamwamba pa wadirobu, poti netiweki imayenda m'mwamba. Anagunditsa foni ndi sipika kuti zinunkhizane ngati agalu ongokumana kumene. Tsiku lina ndinapeza atamufunditsa thaulo, akuti mwina ndi chisanu. Zonsezi Kopolo ankangozilandira ndi chipepeso chake chomwe chija.

Anamutengera kwa wokonza mafoni kumsika, atamukulunga m'thumba ngati khanda. Wokonzayo anangomulumikiza pa waifai yapashopu pake, ndipo Kopolo, wopanda manyazi, anayimba kwaya pamaso pa anthu onse.

"Sipikayi ilibe vuto, bwana," anatero wokonzayo. "Vuto lili kunyumba kwanu."

"Nyumba yanga ilibe vuto," anayankha a Sajeni. "Samala pakamwa."

Anayimbira nesi uja, amene anali pantchito, odwala ali pamzere. Mwanayo anayankha mothamanga kuti azimitse rauta n'kuyatsanso. Rauta ndi kabokosi kaja kamene kamagawa waifai m'nyumba.

"Rauta ili pamalo otetezeka," anatero bambo ake. "Palibe angaikhudze."

Apa sananame. Popuma pantchito kampani inawapatsa kabati yachitsulo, yolemera ngati tchimo, imene inkasunga makiyi a malole. Anaiyika kuchipinda kwawo, kuseri kwa chitseko. Tsiku limene anamva pawailesi kuti kuli anthu akuba waifai, anaboola kabowo kumbuyo kwa kabatiyo, kulowetsa zingwe, kuyika rauta mkati n'kukhoma loko. Kiyi ankayenda naye palamba. Wakuba akanati abe waifai imeneyo, akanayamba wadutsa pa mtembo wawo.

Mawu akuti wakuba atangowabwerera m'mutu, mlandu wonse unawala. Kuseri kwa khoma lawo kuli saluni. Tsiku lonse mumadzaza azimayi, aliyense mutu m'chowumitsira tsitsi, maso pafoni. Nanga intaneti yonseyo ankaitenga kuti? Zinali zowonekeratu kuti ankayamwa ya a Sajeni kudzera m'khoma, mpaka Kopolo kutsala wopanda kanthu m'mimba.

Anatulutsa jekete ija. Mabatani awiri apamimba anakana kugwirizana ndi mabowo awo, koma ulemerero unalipo ndithu. Achemwali anaimitsa makina, chinthu chimene sachita wamba.

"Mng'ono wanga, atsatire," anandiuza. "Ine maso anga sangapirire."

Ndinawatsatira, osati kuti ndikawaletse, koma kuti ndikapeze malo abwino owonera.

Mayi wa saluni ndi munthu wathupi, wosachedwa kuseka, ndipo tinamupeza akuluka mutu wa kasitomala, chipeso chili kukamwa. A Sajeni anaima pakhomo n'kuwerenga mlandu wonse: kuba waifai, kuyamwa kudzera m'khoma, kufoola Kopolo. Zowumitsira tsitsi zinazimitsidwa chimodzichimodzi. Palibe ankafuna kuphonya liwu.

Mayiyo analavula chipeso m'dzanja. "A Sajeni, tandibwerekani foni yanuyo."

Anapereka monyadira, ngati akupereka umboni kukhoti. Mayi uja anatsegula pamene pamakhala mayina a waifai, kuyang'ana, kenako mapewa anayamba kugwedezeka.

"Bambo anga, bwerani muwone. Foni yanuyi waifai imene imaidziwa ndi imodzi yokha. Werengani dzina."

Linali dzina la saluni.

Nkhani inatuluka yonse. Nesi uja atabwera ndi sipika, anapeza kuti waifai ya bambo ake sifika pabalaza. Ikanafika bwanji ili m'ndende yachitsulo? Mwanayo amawadziwa bambo ake: kupempha kiyi wa kabati kukanadya tchuthi chake chonse. Ndiye pokonzetsa tsitsi anapempha pasiwedi ya saluni, akuti ya masiku ochepa, n'kulumikiza foni ndi sipika yomwe. Anabwerera kuntchito, nkhani n'kuiwalika.

"Ine ndimadabwa kuti intaneti yanga ikukwawa bwanji ngati kamba," anatero mayi wa saluni, akupukuta misozi ndi thaulo la kasitomala. "Ndiye ndinasintha pasiwedi. Kani ndimadyetsa kwaya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka! Foni yanu imangoyendera bandulo yake, n'chifukwa simunazindikire."

Mayi wina wa marola m'mutu anawomba m'manja. "Koma ulonda ulipo! Wakuba amugwira ndithu, wabwera yekha atavala yunifolomu."

Saluni yonse inaphulika. Wina anawonjeza kuti nkhuyu zodya mwana zapota akulu. Alamu anga anaima pomwepo. Ndinayembekeza kuti akuwa. Koma anangolandira foni yawo, kukoka jekete kuti ikhale bwino, n'kunena kuti, "Kafukufuku watha. Zikomo chifukwa cha mgwirizano wanu." Anatembenuka mwausilikali n'kutuluka. Panjira sanandiyang'ane. Pafupi ndi kageti kawo anati chapansipansi, "Mlamu, zimenezi achemwali ako asazimve."

"Alamu, khomalo ndi lomwe lija waifai imadutsa. Amva kale."

Masana omwewo kabati inatsegulidwa. Rauta inali pakati pa majombo akale ndi chipewa cha ntchito, yotentha ngati mbaula, timagetsi take tikuphethira mumdima mopempha thandizo. Tinaitulutsa n'kuiyika pabalaza. Nesi tinamupeza pafoni pa nthawi yopuma, ndipo anayamba ndi kupepesa, koma bambo ake anamudula kuti nkhani imeneyo idzakambidwa pa nthawi yake. Mpaka lero nthawi yakeyo sinafike.

Nesiyo ankalangiza pafoni ya achemwali, ine ndikudina ya alamu, eni ake ataima kumbuyo kwanga kuyang'anira ntchito. Pasiwedi inali pakapepala komata kunsi kwa rauta, timalemba tating'ono ngati nyerere. A Sajeni anawerenga okha, n'kusokoneza ziro ndi chilembo chofanana naye, foni n'kukana. Anati rauta yanama. Achemwali anabwera ndi magalasi awo olowetsera ulusi pasingano, kuwerenga kamodzi, foni inalowa.

"Tsopano, anti, dinikizani kabatani ka kumbuyo kwa sipika mpaka mphete isinthe mtundu," anatero nesi. Ndinadinikiza, inasintha. Koma apu inakanabe kuti sikuwona kanthu.

"Pamndandandapo dzina la waifai yathu likuwoneka kangati?"

"Kawiri. Linalo lili ndi kanambala kumapeto."

"Eya, rauta imeneyo imatulutsa ziwiri. Sipika imamva yopanda nambalayo, foni mwaiyika pa inayo. Ziyikeni pamodzi."

"Waifai ziwiri m'nyumba mwanga?" anafunsa a Sajeni. "Inayo inalowa liti? Analoleza ndani?"

"Mapanga awiri avumbwitsa, bambo," anatero achemwali akubwerera kumakina awo. "Sankhani imodzi, anthufe tigwire ntchito."

Nditasamutsa foni, mphete inazungulira, n'kuwala bwino. A Sajeni anakhosomola, kufunsa nthawi, Kopolo n'kuyankha ngati palibe chinachitika. Iwo anagwedeza mutu. "Ndinadziwa kuti vuto ndi malo a rauta," anatero. "Ndimangofuna umboni."

Kusaluni sanapepese, poti mawu amenewo pakamwa pawo sakwanapo. Koma m'mawa mwake anapita ndi hamala n'kukonza chitseko cha saluni chimene chinkakhuta pansi. Loweruka lotsatira anayamba kuima panja pake kulozera makasitomala poimika galimoto. Palibe anawapempha. Mayi wa saluni anawasiya, akuti chiyambireni palibe galimoto yatsekereza ina, ndipo anyamata amene ankakonda kukhala pakhonde kusuzumira atsikana anasamuka okha.

Chodabwitsa n'chakuti mbiri inayenda mokhota. Kumapeto kwa mzere kunamveka kuti a Sajeni anakonza waifai yawo okha, wokonza mafoni atalephera. Ndikukayikira kuti woyambitsa mbiriyo amavala jekete ya mabatani onyezimira. Lero intaneti ikavuta nyumba iliyonse, amawaitana. Amafika, kufunsa kuti wapukuta fumbi ndani, kutulutsa aliyense m'chipinda, kenako kuzula rauta pasoketi. Amaima n'kuiyang'anitsitsa mwaukali kwa kanthawi, kuti idziwe kuti kwabwera akuluakulu, n'kubwezeretsa. Nthawi zambiri imayambadi kugwira.

Sabata yatha inavuta yanga. Ndinayesa kubisa, koma mwana wa neba anakaulula. Anabwera, kundithamangitsira pakhonde m'nyumba yangayanga, kuzula, kuyang'anitsitsa, kubwezeretsa. Sinagwire. Anabwerezanso, osagwirabe. Anatuluka akupukuta manja, nkhope ili ngati dokotala wochokera kuchipinda cha opaleshoni.

"Mlamu, ili ndi vuto la kulikulu. Ine mbali yanga ndachita."

Atapita ndinalowa kukawona. Anali akuzula ndi kubwezeretsa chingwe cha ketulo.