Manja a Bambo pa Kanema

Bambo anga akhala akukhoma zidebe pamsika wa pa boma kuyambira ine ndisanabadwe. Amapanga ndowa, makheni othirira kudimba ndi mbaula, komanso amaika matako atsopano pa mapoto obooka. Malo awo ndi kansakasa ka malata akale kumapeto kwa msika, ndipo zida zawo ndi chidutswa cha njanji, nyundo ziwiri ndi sizasi yodulira malata. Ine ndinakulira m'phokoso limenelo, n'chifukwa chake mpaka lero ndimalankhula mokuwa ngati mnzangayo ali tsidya la mtsinje.

Chaka chimene anandisamutsira kwathu kuno kudzaphunzitsa ku sekondale, kunabwera anthu a wailesi ya kanema kuchokera ku Lilongwe. Ankajambula sewero lochokera m'buku lina limene ndinkalidziwa bwino. Ndi nkhani ya anthu a m'katauni ngati kathuka: akabaza, amayi ogulitsa tomato, telala wa pakhonde, ndi mwini nkhani, yemwe ndi mmisiri wa zidebe. Wolemba bukulo ndimamulemekeza, koma nyundo sanaigwirepo. Kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza mmisiri wakeyo amangolankhula zanzeru, osamaliza ndowa ngakhale imodzi.

Ojambulawo anasankha nsakasa ya bambo. Wosewera amene anabwera naye anali bambo wooneka bwino, wa mawu ogwira mtima, koma manja ake anali ofewa ngati a khanda. Tsiku loyamba lomwelo lata linamucheka. M'mawa mwake mkulu wa ojambulawo, mayi wina wamfupi wosachedwa ndi malonje, anapatsa bambo malaya a wosewerayo kuti avale, n'kuwapempha kuti akhome ndowa imodzi kuyambira poyamba mpaka kumaliza.

Madzulo ake ndinawapeza akusimbira amayi, nkhope ikuwala ndi kunyada.

"Andijambula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu," anatero. "Dziko lonse lindiona."

Nditamva za malayawo ndinakayika.

"Bambo, mwina nkhope yanu sadzaionetsa."

"Nanga munthu amamujambula kuti, kumsana?"

Amayi anaseka. Ndinkadziwa kumene nkhaniyo ikupita, koma ndinalibe mtima wowathira madzi ozizira, ndipo mpaka pano ndimadziona wolakwa.

Chimene bambo ankafuna sichinali dziko lonse ayi. Ankafuna munthu mmodzi, mkulu wawo wa ku Kachebere, amene ife timawatchula kuti bambo aakulu. Iwowa ndi mlimi wa fodya ndi mtedza, munthu wolimbikira ndi wouma pakamwa. Bambo atachoka kumudzi ali mnyamata kudzaphunzira za malata, mkulu wawoyo anati athawa khasu, ndipo sanasinthe maganizo. Ankabwera pa boma kudzagula feteleza, kulowa mumsika, kutulukira geti lina, osapondako kunsakasa. Pamaliro kapena paukwati, akafunsidwa za bambo, ankati, "Ndi mng'ono wanga uyu, amagogoda zitini ku boma." Bambo ankaseka nawo, koma pobwerera ulendo wonse ankakhala duu. Ine zimenezi zinkandiwawa kwambiri, ndipo kangapo amayi anachita kundiponda phazi kuti ndisayankhe.

Patapita miyezi, analengeza kuti gawo loyamba lionetsedwa Lamlungu masana. Bambo anandibwereka foni, n'kuimbira okha ku Kachebere.

"Achimwene, mubwere Lamlungu. Pali chinthu chimene ndikufuna mudzaone ndi maso anu."

Tinaonera kunyumba kwanga, chifukwa kanema analipo ndi wanga yekha. Titaweruka kutchalitchi anthu anayamba kufika: anansi, amayi awiri a kumsika, ndi wokonza njinga wa pafupi ndi nsakasa ya bambo, munthu amene pakamwa pake sipakhala chitseko. Bambo aakulu anatsika panjinga yamoto atavala jekete, kathumba ka mtedza kali m'manja. Ndinawagwadira, n'kuwapatsa mpando wabwino.

"Wadzuka bwanji, mwana wanga? Tiyeni tizione zitinizo."

Sewero litayamba, m'nyumba munali chisokonezo chokhachokha. Uyu waona benchi yake ya tomato, uyo waona mbuzi ya kwa apongozi ake. Kenako nsakasa inaoneka, ndipo bambo anasendera kutsogolo kwa mpando. Inabwera nkhope ya wosewera uja, akuyang'ana kutali ngati munthu wa maganizo ambiri. Kenako kanema yense anadzaza ndi manja awiri. Anadula lata mozungulira, analipinda pa njanji, anakolanitsa mbali ziwirizo n'kuyamba kukhoma msoko, nyundo ikutsika mofanana osaphonya. Ine ndinali nditaona ntchito imeneyi moyo wanga wonse, koma ndinali ndisanaiyang'anepo chapafupi chonchi. Ndowa itatha, nkhope ya wosewera inabweranso, akupukuta thukuta limene sanakhetse.

Bambo anadikira. Sewero linapita kwa telala, kwa akabaza, kwa mkazi wa mmisiriyo, mpaka nyimbo yotsekera inalira.

"Nanga amisiri, mwaoneka pati?" anafunsa wokonza njinga uja. "Kapena ndinaphethira?"

Anthu anaseka. Sanaseke mwankhanza, koma anaseka ndithu. Bambo anayesa kumwetulira, n'kuweramitsa mutu, manja awo atawapana pakati pa mawondo. Sindinawaonepo atachita manyazi chotero. Ndinapsa mtima ndi wokonza njingayo, ndi mayi wamfupi uja, ndi ine ndemwe, ndipo ndinali pafupi kuthamangitsa aliyense m'nyumba mwanga.

"Mukuseka chiyani inu?"

Anali bambo aakulu. Sanakweze mawu, koma kuseka konse kunathera pomwepo.

"Manja aja ndi a uyu. Simunaone chala chachikulu chakumanzere, chikhadabo chake chogawanika pakati? Ndinachitema ndine. Tinkamweta udzu wofolera chigafa, iye akugwira, ine ndikumweta, chikwakwa n'kupitirira."

Tonse tinayang'ana bambo. Chala chimenecho ndinkachidziwa kuyambira ndili mwana, ndipo ndinkangoti ndi ntchito ya nyundo. Ngakhale amayi, amene akhala nawo zaka zonsezi, anangoti kukamwa yasa.

"Munati ndisakanene kunyumba," anatero bambo chapansipansi.

"Ndipo sunanene. Unati wagwera pa chitsa, iwe n'kukwapulidwa chifukwa chosasamala."

Amayi a kumsika aja anatsanzika, wokonza njinga anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya shopu yosatseka, tsiku la Mulungu. Abale awiriwo anatuluka kukakhala pakhonde, ndipo zimene ndinamva zinali za mvula, za mtengo wa mtedza, ndi za msuweni wina wodwala ku Chiosya. Za sewero sanazitchulenso. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, ndipo ndinadandaula mumtima kuti bambo anayembekezera zambiri n'kulandira nkhani ya chala.

Bambo aakulu anagona kwa makolo angawo. Lolemba ndinali ndi maphunziro awiri okha m'mawa, ndiye ndinatsikira kumsika kukagula ndiwo, ndikuganiza kuti mlendo anabwerera kale, poti mlimi sachedwa kwa eni. Ndisanafike kumapeto kwa msika ndinamva nyundo ya bambo, koma inkamveka mwachilendo: igunde pang'ono, isiye, igundenso. Ndinaima kuseri kwa benchi ya kabichi.

Bambo aakulu anali komweko. Anakhala pa ndowa yovundikira, jekete atalipinda pamwendo, akuyang'anitsitsa. Bambo ankapanga kheni, ndipo pa chilichonse ankaima n'kufotokoza, ngati mwana amene akuonetsa kope lake kwa kholo.

"Ndiye msokowu sudontha?" anafunsa bambo aakulu. "Wopanda phula, wopanda chilichonse?"

"Sudontha, achimwene. Ukapinda bwino, lata limagwirana lokha."

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Mkulu wina wa ku Chipata. Anamwalira kalekale."

Bambo aakulu anagwedeza mutu. Anatenga kheni lina lomalizidwa, analitembenuza, anayendetsa chala pamsoko wonse kuchokera pansi mpaka pamwamba, n'kulibwezera pamalo pake mosamala. Kenako bambo anafika poika mlomo wa kheni lija, ntchito imene amagwira okha tsiku ndi tsiku, lata atalipana ndi bondo. Mkulu wawoyo anaimirira, anakoleka jekete pa msomali, n'kupinda manja a malaya.

"Ndigwire pati?"

Chibadwire bambo anali asanatumepo mkulu wawo kanthu. Ine misozi inayamba kulengeza pakati pa msika, amayi a kabichi akundidabwa.

"Gwirani apa, achimwene," anatero bambo. "Musaope chala. Ine sindibwezera."