Windo Lopanda Mapata

Masofiira anali wowotcherera zitsulo. Dzinalo anamupatsa ndi ana a mumsewu wake, ndipo sananame: maso ake anali psuu chaka chonse, misozi chuchuchu ngati wosenda anyezi. Ukamuuza kuti azivala chigoba chotchinga kumaso ankangoseka, amvekere, "Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima." Shedi yake inali kuseri kwa golosale, malata ochepa ndi waya wamagetsi wolumikizalumikiza, pansi pali mbwee tizidutswa ta zitsulo. Ankapanga mageti, mabedi ndi mafelemu a zitseko, koma chimene chinkadyetsa ana ake ndi zitsulo zotchinga m'mawindo.

Ntchito imeneyi ili ndi tsoka limodzi: wowotcherera sakhulupiriridwa. Anthu amati amagula zitsulo zopyapyala, kudontheza moto pang'ono m'makona, kupaka penti wakuda, basi zakongola. Ndipo ena amaterodi, tisabisane. Masofiira sanali wotero, koma chilungamo sichilembedwa pamphumi.

Chaka chimene ankayamba kudziwika, anapangira wogulitsa mafoni zitsulo za nyumba yonse. Pawindo la kuchipinda anaika kachitseko kotseguka pa mapata, mahinjesi aja, kokhala ndi loko, monga anamuphunzitsira bwana wake wakale, kuti pakagwa ngozi munthu apeze potulukira. Akuba anadzera pomwepo. Anadula loko, nakokolola katundu yense mpaka zofunda. Wamafoni uja anafika pashedi akubwatuka, anthu a pagolosale onse akumva.

"Wina ndani ankadziwa kuti windo lija limatseguka? Ndi iwe ndi anzako!"

Apolisi anamutenga, anamufunsa, n'kumutulutsa poti panalibe umboni. Koma pakamwa pa anthu sipadikira umboni. Makasitomala anangoti zii. Amene anali atasiya ntchito pashedi anabwera kudzatenga zitsulo zawo zisanathe, osamuyang'ana n'kumaso komwe. Banja lake linasamukira m'chipinda chimodzi, mkazi wake n'kuyamba kuchapa zovala za anthu mpaka zala kuchita ming'alu. Mwana wake wamkazi anabwera kuchokera kusukulu akulira, ati anzake akumutchula mwana wa wakuba. Zimenezo ndi zomwe zinamupweteka Masofiira kuposa njala.

Analumbira, pali mayi ake, kuti sadzaikanso mapata pawindo la munthu. Kenaka anapeza nzeru. Anawotcherera felemu yachitsanzo, anaizika pansi kutsogolo kwa shedi, pambali pake n'kuikapo hamala yaikulu yophwanyira miyala. Aliyense wofunsa mtengo ankayamba wamupatsa hamalayo.

"Menyani, bwana. Musandimvere chisoni. Ikathyoka, nanenso mundimenye nayo."

Abambo a mimba zawo ankavula majekete, kumenya, kumenya, thukuta kamukamu, felemu ili chete. Amayi ankaseka n'kuyesako nawonso. Iye ankawaonetsa mmene amawotcherera mbali zonse ziwiri, ndi mmene amalowetsera mapazi a zitsulo mkati mwenimweni mwa khoma asanathire simenti. Pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kubwerera. Anabwerera mokayika, akuyang'ana cham'mbali, koma anabwerera ndithu. Masofiira ankadziwa kuti dzina lake langoima ndi mwendo umodzi, ndipo windo limodzi lokha litathyoledwanso, kwake kwatha.

Nthawi imeneyo m'pamene kunabwera mayi wa saluni. Anali mayi wofatsa, wa maso otopa, wokhala ndi bambo ake okalamba m'nyumba ya lendi kumapeto kwa msewu. Mutu wa madalawo unali utayamba kusokonekera. Ankati akatuluka sadziwanso njira yobwerera, tsiku lina anakawapeza pasiteji ya basi atavala nsapato imodzi. Choncho mayiyo akamapita kuntchito ankawatsekera m'nyumba, chakudya ndi madzi zili patebulo. Musafulumire kumuweruza, analibe wina wowasiyira.

"Amisiri," anatero mayiyo, "ndikufuna geti yapakhomo ndi zitsulo mawindo onse. Koma windo la kuchipinda kwa bambo lizitseguka. Kiyi wake ndizisiya kwa aneba."

"Mayi, mapata ndi khomo la wakuba."

"Nanga chitachitika china ine kulibe?"

"Chingachitike n'chiyani masanasana, anthu ali ponseponse? Mukasiya kiyi kwa aneba, mawa akhala kwa mlamu wawo, mkuja kwa wakuba. Ine zinandionekera. Ndikhulupirireni, mudzandithokoza."

Mayiyo anapotokola lamba wa chikwama chake. Kenaka anati, "Chabwino, odziwa ntchito ndinu." Anamukhulupirira. Ndipo Masofiira tsiku limenelo anafika kunyumba akuimba mluzu, anauza mkazi wake kuti anthu ayambanso kumva mawu ake. Poika zitsulozo, madala aja anakhala pabedi akumuonerera, akumutchula dzina la mwana wawo amene anamwalira kalekale, n'kumamufunsa ngati wadya.

Tsiku la ngozi magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Masofiira anangokhala pabenchi akupala dzimbiri, poti wowotcherera wopanda magetsi ndi mlendo pashedi pake pomwe. Dzuwa lili paliwombo anamva mfuu, kenaka anaona utsi. Mayi wogulitsa pagolosale anathamangira kuseri ali wefuwefu.

"Amisiri! Kwa asaluni kukupsa! Agogo ali momo!"

Zinadziwika pambuyo pake kuti madalawo anafuna kuwiritsa tiyi, anayatsa mapepala pansi pafupi ndi katani. Masofiira anatola girayinda yodulira zitsulo, anathamanga nayo pang'ono, n'kukumbukira kuti kulibe magetsi. Anaiponya pansi, anabwerera kukatenga hamala.

Anapeza anthu atadzaza. Moto unali utagwira kale pabalaza, geti yapakhomo yosayandikirika. Wina anali ataimbira mayi wa saluni, koma saluniyo inali kutali, ndipo kiyi anali m'chikwama chake. Ozimitsa moto anati akubwera. Amayi ankaponya madzi a m'zidebe kudzera m'zitsulo. Pawindo la kuchipinda magalasi anali ataswedwa kale, ndipo madala aja anaima pomwepo, atagwira zitsulo ndi manja onse awiri, akutsokomola. Sankakuwa ayi. Ataona Masofiira nkhope yawo inamasuka.

"Wabwera, mwana wanga? Tanditsegulira, muno mukutentha."

Anamenya. Abale inu, munthu uja anamenya! Anamenya m'makona, pamene iye yekha ankadziwa kuti ndi polumikizira. Anamenya khoma, simenti n'kumangothetheka. Manja atachita dzanzi anapatsira hamala wokonza njinga, wokonza njinga anapatsira wonyamula katundu, amuna amphamvu zawo. Ena analowetsa mtengo n'kukanula, mtengo unathyoka. Zitsulo zinangopindika pang'ono pakati. Utsi unakula, unada bii, anthu anayamba kubwerera m'mbuyo. Masofiira anagwira dzanja la madalawo kudzera m'zitsulo, ndipo analigwirabe mpaka pamene anthu anachita kumukoka ndi malaya.

Kumaliro anapita, anakhala kumbuyo kwenikweni. Ankayembekeza kuti mayi wa saluni amutukwana, mwinanso ankafuna kuti amutukwane. Mayiyo anangomudutsa, atagwiriziridwa ndi anzake, n'kuima pang'ono.

"Ndinakupemphani, amisiri," anatero. Maliro atatha anasamuka, palibe anadziwa komwe analowera.

Masofiira sanatsegule shedi kwa masiku. Ankangogona choyang'ana kukhoma, chakudya osachikhudza. Mumtima anali atavomera kuti ntchito yatha, ndipo ankaona kuti n'zomuyenera. Mkazi wake sanamuvutitse kaye, kenaka m'mawa wina anakhala pamphepete pa bedi.

"Bambo a mwana, dzukani. Kushedi kuli anthu."

"Akufuna kundimenya?"

"Ayi. Akufuna zitsulo."

Dziko ili, kaya! Nkhani inali itayenda m'misewu yonse, koma inayenda ndi mbali imene anthu anaikonda. Ankati kuli mmisiri wina, zitsulo zake amuna a mudzi wonse anazikanika ndi hamala, ndi mitengo, ngakhale mwini wake yemwe anazilephera. Denga linagwa, zitseko zinapsa, koma zitsulo zili nji. Mwini nyumba yopsa ija pomanganso sanazichotse n'komwe, anangozipaka penti, ndipo anthu ankapita kukazigwedeza kuti aone okha. Za madala aja ankangoti, "Zachisoni," n'kufunsa mtengo. Hamala ija panalibenso woifuna. Palibe tsiku m'moyo wake limene Masofiira anakhulupiriridwa chonchi, ndipo zinkamunyansa.

Anayesa kukonza. Anapanga chitsanzo chatsopano, windo la kachitseko kokhala ndi mapata obisika ndi loko wamkati. Ankalionetsa kwa aliyense, akulongosola mpaka mawu kusasa. Anthu ankagwedeza mutu mwaulemu, n'kuti, "Ayi, ife mutipangire zomwe zija."

Tsiku lina kunabwera mayi wachitsikana, khanda kumsana, wina wamng'ono atamugwira chitenje. Mwamuna wake anali woyendetsa malole, wosakhalitsa pakhomo, ndipo akuba anali atayesapo kale kuthyola kwawo. Mayiyo ankagulitsa kaunjika, ndipo akapita kukaoda katundu ankatsekera anawo m'nyumba kwa kanthawi.

"Mayi, windo limodzi lokha lizitseguka," anatero Masofiira. "La kuchipinda kwa ana. Ndikupangirani mwaulere."

"Ayi, amisiri. Ndikufuna ngati za kunyumba yopsa ija."

"Mukudziwa zimene zinachitika m'nyumba imeneyo?"

"Ndikudziwa. Koma moto umabwera kamodzi, akuba ndi tsiku lililonse."

"Chonde, mayi. Ine ndinali pompo. Ndinawagwira dzanja."

Mayiyo anasintha nkhope. Anakokera mwana wake pafupi, n'kumuyang'ana Masofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bwanji mukukakamira chonchi windo lotseguka? Amayi anga anandichenjeza, akuti kale munali ndi nkhani inu. Ine ndinawatsutsa. Kapena ndinalakwitsa?"

Pagolosale anthu anali atasiya kucheza, makutu ali kuno. Masofiira anawaona. Anaganiza za zala za mkazi wake, ndi mwana wake amene anali atangoyamba kumene kuyenda mumsewu mutu uli m'mwamba. Anadziwa kuti akakana, mayiyu apita kwa wowotcherera wina, ndipo mawu amenewa afika kumapeto kwa msewu dzuwa lisanalowe. Anachita mantha, ndipo anadzida chifukwa cha manthawo.

"Simunalakwitse, mayi," anatero. "Tiyeni ndikayeze."

Nyumba yake inali ya zipinda ziwiri, khomo limodzi. Windo la kwa ana linali pamwamba penipeni pa bedi lawo, moti Masofiira anachita kuvula nsapato n'kukwera pamatiresi. Kamwana kaja kanakwera nako, kanagwira kunsonga kwa tepi kuti kamuthandize, kakuseka. Iye anayeza m'litali, anayeza m'lifupi. Mayi uja anaima pakhomo akugwedeza khanda, nkhope yake itamasuka tsopano.

"Zikhale zolimba, amisiri."

"Zikhala zolimba," anayankha osatembenuka. "Penti wake mukufuna wamtundu wanji?"