Mizere Isanu ndi Iwiri pa Bwalo la Ndege

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anachotsedwa ntchito ya ulonda ku Kanengo. Tinkakhala ku Mgona anthu asanu m'chipinda chimodzi, ndipo tomato amene amayi ankagulitsa sakanatidyetsa tonse. Mvula itayandikira, bambo ananditenga kupita kwawo ku Ntchisi kuti tikalime munda wa makolo awo, apo ayi chaka chimenecho tikanagona ndi njala.

Mundawo tinaupeza, koma unali bwalo la ndege. Kalekale agogo anaupereka kuti kandege ka madokotala kaziterapo kudzatenga odwala. Kandegeko kanasiya kubwera ine ndisanabadwe, eni ake osatsanzika n'komwe. Koma a Jeremiya, akulu awo a bambo, amene anapatsidwa ntchito yosamala bwalolo, nkhaniyi sinawafike m'mutu. Chaka ndi chaka ankatchetcha udzu, kupaka laimu miyala ya m'mbali, ndi kupachika pamtengo thumba la feteleza loboola kuti woyendetsa ndege aziona kolowera mphepo. Zonse zomwe eni ndegeyo anawasiyira ndi chipewa chodyedwa ndi njenjete, ndipo ankachivala ngati cha bishopu.

Bambo anapempha theka lokha la mundawo, chipewa chawo chili m'manja, akufotokoza za ana m'tauni. Bambo aakulu anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye ikabwera itera pa mizere?" anafunsa motero.

Bambo anangoti zoona achimwene, n'kuwerama.

M'mawa mwake ndinapatsidwa chitini cha laimu ndi kasanza kuti ndikapake miyala. Laimuyo ndinamukhuthulira m'tchire, ndinatenga khasu, n'kuunga mizere isanu ndi iwiri pakati penipeni pa bwalolo. Dothi lake linali lakuda bii, lofewa, lonunkhira, poti linali litapuma zaka zonsezo. Bambo aakulu anandipeza ndikuyamba mzere wina, anathyola nthambi ya bulugama, anandikwapula mpaka miyendo kutupa. Zikwapuzo ndinaziiwala. Chimene sindinaiwale n'chakuti bambo anaima pomwepo manja kumbuyo, ndipo akulu awo atatopa, iwo anatola khasu langa n'kusalaza mizere ija okha, umodzi umodzi.

Tinabwerera ku Mgona ndi nkhuku imodzi ya ulemu. Chaka chimenecho tinadya gaga, ndipo mlongo wanga Esinta, amene ankakhala nambala wani m'kalasi, anasiya sukulu kukachapira anthu zovala ku Area 18. Kusukulu sanabwererenso.

Bambo aakulu atadwala, anawanyamula pa ngolo ya ng'ombe, kudutsa pakati pa miyala yawo yoyera, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala. Patapita chaka kunabwera mkulu wina wa m'tauni ndi mapepala, anamanga waya kuzungulira bwalolo, lero akulimapo soya. Palibe anathyola nthambi.

Kale ndinkanyoza bambo aakulu. Tsopano ndimaona kuti iwo anangopusitsidwa ndi chipewa. Bambo anga ankadziwa bwinobwino kuti ndege sidzabweranso, ankadziwanso zomwe zinali m'thumba la ufa kunyumba, koma anasankha kuti asaoneke amwano kwa mkulu wawo. Ulemu umenewo anaulipira ndi Esinta, ndipo ine ndimanyansidwa nawo.

Lero ndimakhala ku Area 25, kumene ndege zimadutsa pamwamba pa denga langa. Ana anga amathamangira panja kukazibayibitsa. Esinta akabwera kudzacheza, awirife sitiyang'ana kumwamba.