Migolo Yanga Pakati pa Nyanja

Ndinaganiza zochoka ku Nkhotakota chaka chimene injini ya boti la achimwene anga, a Yohane, inafa kachitatu. Ndinali namwino pachipatala china chaching'ono, ndipo malipiro anga ankathera m'manja mwa makaniko. Nditawauza amayi kuti ndikupita ku Canada kukasamalira okalamba, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Okalamba kuno atha?" Ndinangopitiriza kulongedza katundu. Mapepala a ulendo anali atatuluka kale.

Ndinafikira ku Hamilton, mzinda wa mafakitale a zitsulo, m'mbali mwa nyanja yozizira imene sindinaonepo munthu akuchapamo. Ntchito inali ya m'makomo: kukwera basi, kusambitsa munthu, kumumwetsa mankhwala, kukweranso basi. Kusungulumwa kunalipo, sindibisa. Lamlungu ndinkapita kutchalitchi ku North York kuti ndikangomva munthu akunena "zikomo" ndi lilime lakwathu. Mauthenga a kumudzi ankayamba ndi moni wautali n'kukathera pa injini.

Mmodzi mwa okalamba anga anali a Winston, msodzi wakale wa pachilumba cha Dominica, amene ana awo anawabweretsa ku Canada miyendo itayamba kukana. Atangomva kuti ndine mwana wa msodzi, basi ndinapalamula. Tsiku lililonse, ndikuwameta ndevu, ankandisimbira za nsomba yotchedwa mahi mahi ndi za fadi. Fadi ndi migolo yoyandama pakati pa nyanja, yomangidwa ndi chingwe chachitali ku chisimenti chimene chili pansi, ndipo kuchingweko amakolekako masamba a kokonati. Tinsomba timabwera kudzabisala pamthunzi, zikuluzikulu zimabwera kudzadya tinsombato, msodzi amabwera kudzatenga zikuluzikuluzo. "Nsomba suifunafuna," ankatero m'Chingerezi chawo chothamanga. "Umaimangira nyumba, n'kumapita kukatolera lendi."

Patapita zaka, a Winston anafuna kukaona kwawo komaliza, ndipo ana awo anandilipirira ulendo kuti ndiziwasamalira. Kumeneko mwana wa mlongo wawo anatitengera kunyanja pa boti lake. Tinayenda mpaka mtunda unasowa. Ndinkayembekeza chinthu chachikulu, koma ndinapeza migolo ingapo ndi kambendera kong'ambika. Pansi pake ndiye madzi ankachita kuwira ndi nsomba. Mwini botiyo anandipatsira chingwe cha mbedza osaganiza kawiri. Mahi mahi itakodwa inalumpha m'mwamba, yobiriwira ndi yachikasu ngati chitenje chatsopano. Anandiuza kuti ndisaitulutse msanga, chifukwa ikakhala m'madzi zinzake zimaitsatira, ndipo ena amapezerapo mwayi woponya mbedza zawo. Titaikweza m'boti, maonekedwe onse aja anazimirira ndikuona, inangosanduka yotuwa. Chingwe chinandicheka zikhatho, koma tsiku limenelo ndinasangalala kuposa masiku onse amene ndinakhala kunja.

Nditabwerera ku Hamilton ndinajambula fadi papepala n'kuwatumizira achimwene pa foni. Poyamba anaseka. "Achemwali, nsomba za kuno sizinapite kusukulu ya azungu." Ndinawakumbutsa kuti utaka umasonkhana pa virundu, miyala ikuluikulu ya pansi pa nyanja, ndiye chovuta n'chiyani kuupangira chirundu chathuchathu? Nyengo yonse yachisanu ndinagwira mashifiti owonjezera. Ndinatumiza ndalama za migolo, zingwe, simenti, ndi injini yatsopano yomwe. Mnzanga Misozi, wa ku Chipata, ankandinena m'basi. "Iwe uzagwa na ma shift aya. Ma drum yamene sunayaone na menso?"

Kenako zithunzi zinayamba kubwera: utaka wodzaza mabeseni, ncheni zili pathandala. Achimwene analeka kuseka. Apa m'pamene ndinakonza zanga. Ndibwerera kwathu, ndikhazikika, ndiziyendetsa ntchitoyi ndekha, tiike mafadi ena. Kuntchito ndinangopempha tchuthi chachitali, koma mumtima ndinali nditatsanzika kale.

Kwathu anandilandira bwino. Nyumba ya achimwene inali ndi malata atsopano, ana awo onse ali pasukulu, ndipo padoko aliyense ankatchula malo a fadi aja kuti "pa Kanada". Nditapumula masiku angapo, ndinavala nsapato zanga za mphira n'kutsikira kudoko m'mawa. Alovi, amuna ogwira ntchito m'boti, anali akukweza ukonde wa chilimira. Nditangogwira m'mphepete mwa boti, onse anasiya zimene ankachita.

"Achemwali, mukupita kuti?" anafunsa a Yohane.

"Kukaona fadi."

Ananditengera pambali, n'kutsitsa mawu. "Mwaiwala kodi? Munthu wamkazi sakwera boti la ukonde. Mukangopondamo, anthuwa atsika onse, ndipo boti likhala pamtunda mpaka tilisambitse."

"Nanga injiniyi anagula ndani?"

"Inu, ndipo tikuthokoza kwambiri. Koma nsomba sizidziwa zimenezo."

Mwambowo sindinauiwale ayi, ndinakulira momwemo. Ndinkangoganiza kuti umakhudza akazi amene alibe injini. Ndinapsa mtima, ndinalankhula zambiri, mpaka za ku Dominica ndinatchula. Achimwene anamvetsera modekha, monga mmene ine ndimamvetsera okalamba anga akamakana mankhwala. Pomaliza anati, "Inu mbali yanu mukuigwira bwino kumene kuja. Za kuno tisiyireni." Nditakadandaula kwa amayi, iwo sanachedwe nayo nkhaniyo. "Unafuna nsomba, landira ndi malamulo ake. Walira mvula walira matope."

Ndinayesa kwa eni maboti ena. Yankho linali lomwelo, laulemu kwambiri, manja ali pachifuwa. Amene anavomera anali a pa loji ina, amene ali ndi boti lotengera alendo kokaona nkhwazi. Kumeneko mkazi amakwera, bola alipire. Anandilipiritsa mtengo wa alendo, anandiveka jekete yoyandamitsa ndi chipewa cha dzuwa, n'kundikhazika pakati pa azungu awiri a makamera.

Fadi ndinamuona. Migolo yabuluu yomangidwa mwaluso, masamba a mgwalangwa akuonekera pansi pa madzi, maboti angapo atazungulira. Achimwene anagwira ntchito yabwino, zimenezo ndivomereze. Woyendetsa boti lathu anafotokozera azungu aja kuti nzeruyi inabwera ndi mayi wina wa ku Canada.

"Mzungu?" anafunsa mmodzi.

"Ayi, wakonkuno. Koma sakhala kuno."

Boti la achimwene linali chapafupi, alovi akukoka ukonde akuimba, utaka ukung'anima m'mphepete. A Yohane anadzutsa mutu, anaona majekete atatu ndi makamera, n'kutibayibitsa ndi manja awiri, akumwetulira kumwetulira kuja timasungira alendo. Sanandizindikire. Ndinakweza dzanja n'kuwabayibitsanso.

Titafika pamtunda ndinalembera abwana anga ku Hamilton kuti andiike pa mashifiti a mwezi wotsatira. A Yohane amanditumizirabe zithunzi za mabeseni, ndipo ine ndimayankha kuti zikomo. Mpaka lero sindinawauze kuti wapakati uja ndinali ine.