Adokotala okonda kukanidwa

Adokotala achikulire amene amaphunzitsa madokotala anzawo kuchita kafukufuku sakhulupirira mlimi wovomera msanga. Amati munthu wosauka akati eya, umufunse kawiri.

Chaka china wophunzira wawo Wezi, yemwe ankafufuza za chifuwa cha alimi a fodya ku Santhe, anabwera akumwetulira. Mudzi wonse unali utavomera kupereka magazi.

Adokotala anafunsa kuti, "Wonse? Nyengo ya makuponi ino? Bwererani mukawauze kuti ife tilibe feteleza, ngakhale wa pasupuni."

Wezi anabwerako misozi ili m'maso. "Atsala anayi okha, adokotala. Digiri yanga yathera pomwepa. Mayi wina wachita kundithamangitsa ndi mkangala, ndodo yoyanikira fodya ija!"

Adokotala anapitiriza kusenda mtedza umene ankadya. "Mayi ameneyo ndiye wakumvetsani bwino. Kayambeni ndi anayiwo."