Chikepe cha U Tint Lwin

U Tint Lwin anakulira m'chikepe. Bambo awo ndiwo ankachiyendetsa, m'nyumba yosanja yosungiramo nsalu kufupi ndi doko la Yangon, ndipo miyendo itawafooka mwana anangolowa m'malo. Chinali chikepe chonyamula katundu, chobwera pa sitima nthawi ya Angelezi: khola lalikulu lachitsulo, chitseko chopindika, ndi mpini wamkuwa umene ukaukankhira kumanja chinkakwera, kumanzere chinkatsika. Mabatani chinalibe. Kuti chiime molingana ndi pansi zinkadalira dzanja ndi khutu la woyendetsa.

Bambo awo ankasimba kuti poyamba chinkayenda ndi mphamvu ya madzi, munthu n'kumakoka chingwe, magetsi anabwera pambuyo. Ankasimbanso za tsiku limene ndege zankhondo zinaponya mabomba padoko, chikepe n'kuima pakati pa nsanjika ziwiri, iwo n'kutulukira padenga la khola. Nkhani zimenezi U Tint Lwin ankazibwereza kwa aliyense wokwera, makamaka kwa Sein Hlaing, makaniko amene ankabwera kudzapaka girisi ku magudumu ndi kuona zingwe.

Sein Hlaing anali wapakamwa potsekemera, wodziwa Chingelezi. Ataona Mya Yi, mchemwali wa U Tint Lwin, akubweretsa mpunga wa masana, chikepe chinayamba kufuna girisi sabata ndi sabata. Anakwatirana, ndipo alamu awiriwa anakalambira limodzi, wina m'khola, wina kumwamba kwa injini, akutafuna masamba a betele ndi kunyozana.

"Alamu, khola lanuli likulira ngati mimba ya munthu wosala kudya."

"Lilekerenji kulira, girisi mukudya ndinu? Taonani chimimbacho."

Malonda a nsalu anasamuka pang'onopang'ono. Nyumba zatsopano zinabwera ndi zikepe zodziyendera zokha, ndipo anzawo a ntchito imeneyi anatha mmodzimmodzi. Kenako nyumbayo inagulidwa ndi achinyamata ofuna kutsegula malo odyera. Amene ankalankhula nawo anali Sein Hlaing.

"Ndawauza kuti chikepechi n'chamoyo," anatero tsiku lina ali pa tiyi. "Akuti tichikonze chiziyenda, ndipo woyendetsa ndinu. Mungochokapo kaye, fumbi la omanga lingakutsirizeni ndi chifuwa chanucho."

Mya Yi nayenso anawakakamiza kuti akapume kwa mwana wawo wamkazi ku tauni ya Pyay, popeza akazi awo anali atamwalira kale ndipo kunyumba kunalibe wowasamala. Anapempha jekete yoyera ya malemu bambo awo, imene inkakhala pamsomali m'chipinda cha injini, kuti akaichape idikire tsiku lotsegulira. U Tint Lwin anapereka jekete, anapereka makiyi, nakwera basi.

Anakhalako dzinja lonse. Akaimba foni, yankho linali limodzi: "Zikuyenda, alamu, musathamange." Mvula itatha mtima unawakana, anabwerera osauza munthu.

Anapeza malo odyera atatsegulidwa kale. Pamene chikepe chinkadutsa panali china chatsopano, chonyezimira, cha mabatani. Khola lija linali litakhazikidwa pasimenti pakati pa chipinda, zingwe zitadulidwa, mkati muli tebulo ndi atsikana awiri akumwa khofi. Magudumu a injini anali atapachikidwa pakhoma ngati zithunzi. Pambali pa khola panaima Sein Hlaing, atavala jekete yoyera imene sinkatseka pamimba, dzanja lili pa mpini wamkuwa, alendo atamuzungulira ndi mafoni. U Tint Lwin Chingelezi sankachimva, koma anaona mlamu wawo akuloza kumwamba, akuyerekeza ndege, akusonyeza padenga la khola. Mtsikana woperekera zakudya anawanong'oneza kuti agogo amenewo ndi amene anayendetsa chikepechi moyo wawo wonse, iwo ndi bambo awo.

U Tint Lwin anadikira alendo amwazikane, n'kuyandikira mlamu wawo.

"Bambo anu aja ankagulitsa nsomba zouma ku Dala, anakwera liti chikepe?"

Sein Hlaing anachotsa dzanja pa mpini. "Alamu, mwabwera osanena? Tiyeni panja."

"Zingwe anadula ndani?"

"Boma silikanalola kuti chinyamule anthu, n'chakale kwambiri. Chikanapita kwa ogula zitsulo. Ine ndachipulumutsa."

"Ndafunsa kuti anadula ndani."

"Ndine. Nanga akanadula ndani wina wodziwa?"

"Munadziwa liti kuti sichidzayendanso?"

Sein Hlaing anayang'ana pansi, n'kuyamba kupukuta mpini ndi mkono wa jekete. U Tint Lwin anazindikira kuti tsiku la tiyi lija nkhani inali itatha kale.

Chimene chinawapweteka koposa chinali kwa mchemwali wawo. Anamupeza akusankha mpunga pakhonde, ndipo Mya Yi sanadabwe n'komwe.

"Achimwene, anthu aja ankafuna munthu wolankhula ndi alendo. Inu mukanangoima ngati chipilala. Mukanakhalapo mukanagona m'kholamo kuti asadule, apolisi n'kukutulutsani mochititsa manyazi."

"Ndiye jekete ya bambo?"

"Anali bambo anganso."

U Tint Lwin anatembenuka. Anatsika masitepe, ndipo m'nyumba imeneyo sanapondemonso.

Anapeza ntchito yolondera njinga pamalo okwerera maboti, ndipo msewu wa nyumba ija ankaulambalala ngakhale kunali kuzungulira. Nkhani za bambo awo analeka kusimba. Anayesa kamodzi kwa wopalasa njinga wina, iye n'kuseka: "Imeneyo ndinaimva kale, ndi ya mdala wa kumalo odyera uja."

Patapita zaka, Sein Hlaing anafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa n'kupotoka. Eni malo aja, atamva kwa Mya Yi kuti mwini nkhani weniweni ndi U Tint Lwin, anabwera kudoko ndi mawu aulemu. Anati Chingelezi si vuto, adzaika womasulira.

"Chikuyenda?" anafunsa U Tint Lwin.

"Ayi, agogo, koma anthu amachikonda kwambiri."

"Ine ndimayendetsa chikepe. Mukafuna woimirira pafupi ndi khola, funsani kwina."

Masiku ano Mya Yi amatumiza mpunga ndi nsomba kudoko kudzera kwa woyandikana naye nyumba. U Tint Lwin amadya, amatsuka mbale, n'kubweza. Woyandikana nayeyo akafunsa ngati pali uthenga wopita kwa mchemwali wawo kapena kwa wodwala, amati palibe.