Nangula wa Agogo pa Thirakitala

Fungo la palafini likangondipeza, ngakhale pakati pa msika, ndimaona agogo anga aamuna, a Fundi Sudi, atawerama pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Bua, kofia yawo yoyera itathimbirira ndi dzimbiri. Pansi pa mtengowo panagona thirakitala yofiira imene a sikimu ya mpunga anaitaya injini itagwirana, agogo n'kuipempha. Nkhuku zinkaikira mazira pampando pake, udzu utamera mpaka m'chiwongolero.

Munda wathu wa kudambo unali utagonera. Msana wa agogo unakana khasu, ndipo ng'ombe kwathu sizikhalitsa chifukwa cha kashembe. Abale anali atanena kale kuti mvula ikagwa mundawo usanalimidwe, autenga.

Agogo, amene paunyamata ankakonza injini za maboti pa Boma, ankati akachoka kumzikiti ku swala ya m'mamawa, ankathira palafini m'kati mwa injini pang'onopang'ono ngati akumwetsa phala wodwala. Kenako anaika thirakitalayo m'giya, anatukula gudumu limodzi lakumbuyo pazipika, n'kumangirirapo mtengo wautali wa bulugamu. Kunsonga kwake anapachika nangula wakale wa chombo, kuti kulemera kwake kuzikoka gudumulo usana ndi usiku mpaka injini imasuke. Nangulayo ankangolendewera m'malere, kumazungulira yekha ndi kamphepo ka kunyanja, chithunzithunzi chake chikusambira mumchenga.

Odutsa ankaseka. "Fundi, chombo chanuchi chinyamuka liti? Mutisungireko malo, tikatsike ku Likoma."

Ine, amene sukulu inali itandikana kale chifukwa cha mtima wapachala, ndinaona mitambo ikuunjikana kumapiri, anthu akusekabe, ndipo ndinatola hamala.

"Agogo, ndiloleni ndiimenye kamodzi kokha."

"Bwanawe, khala apa," anatero osatembenuka n'komwe. "Chitsulo ukachimenya chimasweka. Musiye nangula akambirane nacho."

Masana ena otentha, nyenje zikulira ngati zili m'mutu mwanga, ndinali m'tulo pamphasa pamene ndinamva kuti thi. Ndinadzuka. Nangula anali atagona pansi, gudumu litatembenuka.

"Alhamdulillah," ananong'ona agogo. "Yavomera."

Batire tinalibe. Lachisanu lotsatira, amuna omwe ankaseka aja, akuchokera kumzikiti, anakwinya mikanjo yawo n'kukankha thirakitalayo mumsewu wamchenga. Inatsokomola, inakhala chete, inatsokomolanso, kenako utsi wakuda unakwera kupyola mango, nkhuku zili balala. Agogo analima munda wonse wa kudambo uja akakowa oyera akuwatsata pambuyo, ndipo madontho oyamba anawapeza ali pamzere womaliza. Mundawo ndi wathu mpaka lero.

Tsopano ndimagwira ntchito pa galaja ina pa Boma, ndipo mtima uja sunandichoke. Bawuti ikakana, kapena munthu akandilankhula mwachipongwe, dzanja limathamangirabe ku hamala. Koma lisanafike, ndimaona nangula uja akuzungulira m'malere pansi pa mango. Ndimathira palafini, n'kupita kukamwa tiyi.